Kazembe Wopanda Dzina ku Hong Kong

Tikamawerenga mbiri ya atsamunda, maso athu amathamangira pa mapangano osainidwa ndi akazembe odziwika. Komatu ku Hong Kong, dera la kummwera kwa China lomwe Angerezi analilamulira mpaka 1997, nkhani zikuluzikulu zinkalowera khomo la kuseri.

Boma la chikomyunizimu litakhazikika ku Beijing mu 1949, linakana mapangano akale amene anapereka deralo kwa Britain, ponena kuti China inawasaina mokakamizidwa. Kutsegulako ofesi ya kazembe wamba kukanakhala kuvomereza kuti nthakayo ndi ya eni ena. Cha m'ma 1955 nduna yaikulu Zhou Enlai inapempha kuti kukhale nthumwi yapadera ya boma lake, koma bwanamkubwa Alexander Grantham anakana. Iye ankadziwa kuti atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo anthu a mumzindawo, pafupifupi onse Atchaina, akanayamba kutula madandaulo awo kwa nthumwiyo.

Ntchitoyo inagwera nthambi ya bungwe lofalitsa nkhani la Xinhua, yomwe inatsegulidwa mumzindawo mu 1947. Pakhomo panalembedwa za utolankhani, pomwe mkulu wake anali mkamwa mwa Beijing. Liang Weilin anakhala pampandowo zaka pafupifupi 20 kuyambira 1958. Angerezi ankadziwa zonsezi, nasankha kusazitchula. Mlangizi wa bwanamkubwa pa zandale ndiye ankalumikizana ndi ofesiyo.

Ubwino wa kusamvekaku tikuuona bwino pa nkhani ya madzi. Chilala cha 1963 chinafika poti mipope inkatsegulidwa maola 4 okha pa masiku 4 alionse. Mu Epulo 1964 akuluakulu oona za madzi a ku Hong Kong ndi a chigawo choyandikana nacho cha Guangdong anagwirizana zokoka madzi a mumtsinje wa Dongjiang, ndipo anayamba kufika mu Malichi 1965. Osainawo anali anthu a mipope ndi madamu, choncho panalibe wofunsa mnzake kuti mwini nthaka ndani.

Chaka cha 1967 chinayesa ubalewu koopsa. Zipolowe za otsatira Mao Zedong zinaphetsa anthu 51, ndipo apolisi 5 anawomberedwa pamalire ku Sha Tau Kok. Pempho la madzi owonjezera silinayankhidwe, mzinda n'kubwereranso ku ludzu. Ambiri anaopa kuti mpope watsekedwa mpaka kalekale. Pa 1 Okotobala, tsiku lenileni la m'pangano, madzi anabwera. Ife tikuona kuti ameneyo anali kalata yomveka kuposa iliyonse imene kazembe akanalemba: Beijing, ngakhale inali pakati pa chipwirikiti chake, sinafune kulanda Hong Kong panthawiyo.

Ofesi ya Xinhua ija inapitiriza kubisala kuseri kwa dzina la utolankhani mpaka Angerezi atachoka. Mu 2000 ndi pamene inatchedwa poyera ofesi yolumikizira boma lalikulu la China ndi Hong Kong.