Mafilimu akale oopsa a ufiti ndi ziwanda

Mafilimu oopsa a zamizimu ndi omwe nkhani yake imakhudza Satana, ufiti, ziwanda ndi magulu opembedza mobisa. Anayamba mafilimu asanakhale ndi mawu: Häxan ya Benjamin Christensen inatuluka ku Sweden mu 1922. Koma anafika pachimake pakati pa 1957 ndi 1976, makamaka ku Britain ndi ku America.

Mphamvu yawo yagona pa kusapupuluma. Mu Rosemary's Baby ya Roman Polanski, ya mu 1968, mayi woyembekezera wa ku New York amayamba kukayikira nkhalamba zoyandikana naye nyumba, zomwe zimamubweretsera chakumwa cha zitsamba tsiku ndi tsiku. Mantha amakula pang'onopang'ono, ndipo khandalo likabadwa woonera salionetsedwa. Amangoona nkhope ya mayiyo, Mia Farrow, atasuzumira m'kabedi. Pojambula The Exorcist ya mu 1973, William Friedkin anaziziritsa chipinda cha mtsikana wogwidwa ndi chiwanda mpaka mpweya wa ochita seweroli unkaoneka potuluka m'kamwa. Mawu osasa a chiwandacho anali a mayi wina, Mercedes McCambridge. Filimuyi inapata mphoto ziwiri za Oscar. Nayo The Omen ya mu 1976 inapata imodzi chifukwa cha nyimbo za Jerry Goldsmith, zoimbidwa ndi kwaya m'Chilatini.

Mavuto amayamba chilombo chikaonekera poyera. Wojambula filimu Jacques Tourneur ankafuna kuti chiwanda cha mu Night of the Demon, ya mu 1957, chisaonekere bwinobwino, koma Hal E. Chester, mwini ntchitoyo, anaumirira kuti chionekere. Lero aliyense amaona kuti ndi chidole. Kangaude wamkulu wa mu The Devil Rides Out, filimu ya kampani ya Hammer ya mu 1968, nayenso saopsanso mwana.

Zimenezo n'zokhululukika chifukwa zida zinali zoperewera. Chosakhululukika ndi momwe ena mwa mafilimuwa ananyozera zipembedzo za anthu akuda. White Zombie ya mu 1932 inatenga Vodou ya ku Haiti, chipembedzo chomwe mizu yake ili kumadzulo ndi pakati pa Africa, n'kuchisandutsa matsenga osandutsira anthu ndondocha zogwira ntchito pa chigayo cha nzimbe. Ambiri otsatira anatengera zomwezo: ng'oma ikangolira, ndiye kuti zoipa zafika. Chilema chimenechi n'chachikulu kuposa chidole chilichonse chosapangidwa bwino.