Mbiri ya Mkungudza wa pa Phiri la Mulanje

Onse akuwerenga Buku Lopatulika adziwa mau akuti mkungudza, pakuti Solomo pomanga kacisi anaitanitsa mikungudza ya ku Lebano kwa Hiramu mfumu ya ku Turo. Dzinali ndi la mtengo wa dziko lathu lino, umene kwao kweni kweni ndi pa phiri la Mulanje pokha, ngakhale suli mtundu umodzi ndi uja wa ku Lebano. Tsono tifuna kulongosola mbiri yace, umo unathera ndi umo anthu alikuyesera kuubweza, cifukwa nkhani ya mtengowu ndiyo nkhani ya madzi amene anthu ambiri amamwa.

Phiri la Mulanje liposa mapiri onse a dziko lathu, ndipo nsonga yace ifika mamita 3,002. Dzina la nsongayo ndi Sapitwa, ndiko kunena kuti kumeneko sikupitidwa, popeza Amang'anja, Ayao ndi Alomwe anayesa phirilo malo a mizimu, naliopa. Pamwamba pace pali madambo a udzu ndi nkhalango za m'zigwa. Mvula ikagwa, mizu ndi masamba obvunda zigwira madzi monga cinkhupule, ndi kuwataya pang'ono pang'ono kufikira m'malimwe. Kumeneko icokera mitsinje ya Ruo, Lichenya, Likhubula ndi Thuchila, imene madzi ace atsikira ku Shire. Ndiponso Phalombe ndi Sombani, imene ithira m'nyanja ya Chilwa. Minda ya tiyi imwa madzi omwewa, ngakhalenso mzinda wa Blantyre ulandirako madzi a Likhubula odzera m'mipope.

M'caka ca 1891 Mzungu wina wa ku Scotland, dzina lace Alexander Whyte, anakwera phirili natenga nthambi za mkungudza, ndipo akatswiri a mitengo anaucha Widdringtonia whytei pokumbukira iye. Posacedwa kunamveka kuti matabwa ace anunkhira bwino, sabvunda msanga, ndipo ciswe siciwadya. Pamenepo macheka anakwera phiri, ndi amuna anayamba kutsika nao matabwa pamutu. M'caka ca 1927 Boma linapatula phirilo likhale nkhalango yosungidwa. Pambuyo pace panali lamulo lakuti oceka adule mitengo yakufa yokha. Koma ena anapeza nzeru yoipa, nayamba kupha mitengo yamoyo poisenda makungwa kapena kuiocha, kuti ikauma aidule monga yololedwa. Moto wa alenje unapsereza timitengo tating'ono caka ndi caka, ndipo m'caka ca 1986 kunaoneka m'dziko muno nsabwe zacilendo zoyamwa madzi a mitengo ya mtundu uwu. Mu 1984 mkungudza unachedwa mtengo wa fuko lathu, koma ulemu wa pakamwa sunaletse nkhwangwa. Pamene anthu anayenda phiri lonse kuwerenga m'caka ca 2017, anapeza mikungudza yaikuru yamoyo 7 yokha.

Pali cinthu cinanso coyenera kucisamalira. Masiku a Boma la Angerezi, a za nkhalango anabzala ku Chambe mtengo wa paini wocokera ku Mexico, wochedwa Pinus patula, cifukwa ukula msanga ndi kupatsa matabwa. Iwo anafuna zabwino. Koma mbeu zace ziri zopepuka, ndipo mphepo inazimwaza m'udzu ndi m'zigwa. Painiyo anamera mothithikana, naphimba nthaka ndi masamba ace, kotero kuti zomera za pomwepo zinasowa poturukira. Cifukwa cace, m'zaka zotsata 2000, a Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi a Boma a za nkhalango anagwira nchito yaikuru yodula mitengo imene anzao akale anaibzala ndi thukuta. Apa tiphunzirapo kuti kubzala mtengo uli wonse sindiko kubweza nkhalango. Phiri lifuna mitengo yace ya makolo, ndi udzu wace, ndi madambo ace osaguga.

Nchito yobweza mkungudza inakula kuyambira caka ca 2016. Anthu a m'midzi ya m'tsinde mwa phiri anaphunzitsidwa kufesa mbeu m'nazale 10, nalandira malipiro pa mbande zao; ndipo mbande zoposa 500,000 zinasenzedwa kunka nazo pamwamba. Cokondweretsa nciakuti mbeu zambiri zinacokera ku mikungudza imene anthu anaibzala kale pa phiri la Zomba, osadziwa kuti idzakhala nkhokwe ya tsiku la njala. Komatu mbande zambiri zinafa, zina ndi moto, zina ndi dzuwa kapena cisanu. Potero anchito anazindikira kuti kubzala ndi ciyambi cabe: kuyenera kulambula njira zochinjiriza moto mvula ikatha, kulonda, ndi kusankha malo a cinyezi pamene tizitsamba tina tipatsa mbande mthunzi. Mtengo umene oceka augwetsa tsiku limodzi ufuna zaka zoposa za moyo wa munthu kuti ufike msinkhu womwewo.

Nanga cifukwa ninji tibvutika nazo izi? Makolo athu anali ndi dzina la madzi oturuka m'phiri ndi miyala ndi matope, ndilo Napolo, namuyesa cinjoka cosamuka. Napolo anaononga ku Zomba m'mwezi wa Disembala 1946. Anapha anthu mazana ku Phalombe, pansi pa phiri la Michesi, m'Marichi 1991. Ndipo m'Marichi 2023 namondwe wochedwa Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'cigawo ca kumwera, ambiri mwa iwo okhala m'tsinde mwa mapiri. Sitinena kuti nkhalango ikhoza kuletsa Napolo ali yense, pakuti mvula ikapyola muyeso ngakhale phiri la mitengo ligumuka. Koma potsetsereka popanda mizu pagumuka msanga, ndipo mtsinje wopanda mitengo m'mbali mwace usefukira m'dzinja ndi kuphwa m'malimwe.

M'caka ca 2025 a UNESCO analemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi, makamaka cifukwa ca miyambo ya anthu olizinga. Inu aphunzitsi anzathu, si nonse muli ndi mkungudza kwanu, koma mudzi uli wonse uli ndi kasupe, kapena dambo, kapena msitu wa manda umene akale sanaulowetse nkhwangwa. Funsani akuru maina a mitengo imene inali pamenepo, muwalembe pa bolodi, ndipo ana atole mbeu zace nthawi ikakwana. Muwalangize kuti asalime kufika m'mphepete mweni mweni mwa mtsinje, ndi kuti asatenthe chire posaka mbewa. Akuru anati madzi akatayika saoleka. Cifukwa cace tiyambe pamene kasupe akali kubwibwita.