Siilo

Amakanika akati siilo amanena kamkombero ka labala kamene kamakhala m'mbali mwa bering'i, pamene shafuti imatulukira. Mawuwa anachokera ku Chingerezi, ndipo tanthauzo lake ndi chotsekera. M'kati mwa siiloyo muli kamlomo kopyapyala kokumbatira shafuti, ndipo kasipuling'i kozungulira ndi kamene kamakapanikiza kuti kasasiye mpata.

Nkhani yagona pa kumene kamlomoko kayang'ana. M'giyabokosi momwe muli oyilo, kamayang'ana m'kati kuti mafuta asadonthe. Koma pa bering'i ya girizi yogwira ntchito m'fumbi, monga pachigayo kapena pa lamba wonyamula miyala kumgodi, amisiri ambiri amakatembenuzira kunja. Akatero fumbi limalephera kulowa, ndipo popopera girizi watsopano, wakale wakuda uja amatukula kamlomoko n'kutuluka pang'onopang'ono.

Mukaika kamlomoko moyang'ana m'kati pa bering'i yotereyi, girizi amasowa potulukira, bering'i imatentha, mwinanso siilo n'kufwamphuka. Choncho musanaikhomere, yang'anani mbali imene kuli kasipuling'i, funsani buku la makinawo, ndipo pakani girizi pang'ono pakamlomoko kuti kasayambe ntchito kali kouma.