Wodziwa Ndani, Wosewera Kapena Mtengambali?

M'chaka cha 2016 boma lidanditumiza ku England kukachita maphunziro a miyezi itatu okhudza kayendetsedwe ka ntchito za m'maofesi. Kunja kunkada msanga ndipo kunkazizira koopsa. Mnzanga wina wa m'kalasi, poona kuti ndikungobindikira m'chipinda, adandiitanira kunyumba kwake kuti ndikaone masewera otchedwa Dungeons & Dragons. Ndidapita ndikuganiza kuti ndikapeza bawo wa azungu, koma ndidapeza anthu asanu atazungulira tebulo, aliyense ali ndi pepala, pensulo ndi madayisi.

Masewerawa amayenda chonchi: munthu mmodzi amakhala wotsogolera, ndipo amasimba nkhani monga amachitira agogo pamoto madzulo. Ena onse aliyense amakhala ndi mtengambali wake m'nkhanimo, ndipo amanena zomwe mtengambaliyo akufuna kuchita. Pomwe pali chikayiko, amaponya dayisi kuti aone ngati zatheka. Ine adandipatsa mnyamata wapamudzi, mwana wa mlimi, yemwe anali asadatulukeko m'dera lakwawo.

Tisadayambe, ndidali nditasanthulako buku la zilombo za m'masewerawa lomwe lidali patebulo. M'menemo ndidawerenga za chilombo chotchedwa troll, chomwe mabala ake amapola nthawi yomweyo pokhapokha ukachitentha ndi moto kapena kuchithira asidi. Tsono chilombocho chitatulukira m'nkhani yathu, ndidakuwa mokondwa kuti tiyatse moto. Wotsogolera adandiyang'ana n'kufunsa modekha kuti, kodi wodziwa zimenezo ndi inuyo kapena mwana wa mlimi uja? Adandiuza kuti ndiponye dayisi ya mbali 20 kuti tione ngati mnyamatayo adamvapo za chilombochi. Idagwa pa 4. Mnyamata wanga sadadziwe kanthu, ndipo adalimbana nacho ndi nkhwangwa mpaka adatsala pang'ono kufa, ine mwini wake yankho lili kukamwa.

Funso limenelo lidandikhala mumtima, ndipo nditabwerera kumudzi ndidayamba kufufuza komwe lidachokera. Ndidapeza kuti ndi lakale kuposa masewerawo.

Gwero lake lili ku Prussia, dera lomwe pambuyo pake lidakhala mbali ya Germany. M'chaka cha 1812, Georg Leopold von Reisswitz adapereka kwa Mfumu Friedrich Wilhelm III masewera oyeserera nkhondo patebulo. Mwana wake, yemwe adali msilikali, adawakonzanso ndi kufalitsa malamulo ake mu 1824. Masewerawa ankatchedwa Kriegsspiel. Ankagwiritsa ntchito mapu enieni ndi tizidutswa tofiira ndi tabuluu toimira magulu a asilikali. Chachilendo chidali chakuti padali woyimbira. Osewera ankalemba malamulo awo papepala n'kupereka kwa iye, ndipo iye ankawauza zokhazo zomwe asilikali awo akadatha kuona kapena kumva. Mdani wobisala kuseri kwa phiri sankaikidwa pamapu. Pa bawo kapena tchesi aliyense amaona bwalo lonse, koma mkulu wa asilikali kunkhondo saona zonse, ndipo cholinga chidali kumuphunzitsa kulamula ali m'chimbuuzi. Prussia itagonjetsa France pankhondo ya 1870 mpaka 1871, mayiko ena adayamba kutengera masewerawa.

Padapita zaka zambiri wosewera akuimirabe gulu lonse la nkhondo. Zinthu zidasintha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ku Minnesota, m'dziko la America, pomwe David Wesely adayambitsa masewera otchedwa Braunstein. Iye adapatsa wosewera aliyense munthu mmodzi wa m'tauni yopeka: wina meya, wina mkulu wa banki, wina wophunzira wa payunivesite. Aliyense adali ndi zolinga zake zachinsinsi zomwe anzake sankazidziwa. Mmodzi mwa osewerawo, Dave Arneson, adapititsa nzeruyi patsogolo m'masewera ake a Blackmoor, kenaka adagwirizana ndi Gary Gygax wa ku Lake Geneva, Wisconsin. Mu 1974 awiriwa adatulutsa Dungeons & Dragons.

M'masewera oyambirirawo nzeru zomwe zinkayesedwa kwambiri zidali za wosewera. Ukafuna kupeza msampha, unkayenera kunena wekha kuti ukugogoda pansi ndi ndodo yaitali, kapena ukupapasa khoma. Safunsa adadya phula, ndipo wosafunsa mafunso oyenera mtengambali wake ankafa. Koma mu 1975 buku lowonjezera lotchedwa Greyhawk lidabweretsa mtengambali wakuba, yemwe luso lake lotsegula maloko ndi kuchotsa misampha lidalembedwa m'manambala. Apa luso lidayamba kuchoka m'mutu mwa wosewera kupita papepala. Masewera a Traveller a mu 1977 ndi a RuneQuest a mu 1978 adakulitsa njirayi popatsa mtengambali aliyense mndandanda wa maluso ake.

Omwe adandigometsa kwambiri ndi a Call of Cthulhu, omwe Sandy Petersen adakonza ndipo kampani ya Chaosium idatulutsa mu 1981. Mmenemu atengambali ndi ofufuza, ndipo ngakhale kufunafuna nkhani m'laibulale ndi luso lokhala ndi nambala yake. Koma pali luso lina lodziwa zinsinsi zoopsa za m'chilengedwe, lomwe likamakula limachepetsa malire a nzeru zabwinobwino za mtengambali. Kudziwa kuli ndi mtengo wake: wodziwa zambiri amayandikira misala.

M'chaka cha 2000 kampani ya Wizards of the Coast idatulutsa mtundu wachitatu wa Dungeons & Dragons, momwe kudziwa mbiri yakale, zachipembedzo kapena zachilengedwe kudakhala maluso oponyera dayisi ya mbali 20. Mtundu wachisanu wa mu 2014, womwe ine ndidasewera, udasunga maganizo omwewo. Njirayi ili ndi ubwino wake, pakuti munthu wosaphunzira angathe kusewera ngati katswiri, ndipo katswiri angathe kusewera ngati mbuli. Koma ilinso ndi vuto. Bwanji ngati nkhani yonse ikudalira chizindikiro chimodzi, dayisi n'kugwa molakwika? Ndiye kuti nkhani yaima, anthu asanu akungoyang'anizana. Robin D. Laws adayankha vutoli mu 2006 ndi malamulo otchedwa GUMSHOE. Iye adati mtengambali akakhala ndi luso loyenera ndipo wafika pamalo oyenera, apatsidwe chizindikirocho popanda kuponya dayisi, chifukwa ntchito yeniyeni ya wofufuza ndi kumasulira zomwe wapeza.

Tikayang'ana ulendo wonsewu, tiona kuti okonza masewera akhala akulimbana ndi funso limodzi kwa zaka mazana awiri. Reisswitz adabisira wosewera zomwe msilikali wake sakadaona. Apambuyo pake adapatsa mtengambali nzeru zomwe wosewera alibe. Koma palibe lamulo lomwe lingachotse m'mutu mwa wosewera zomwe akuzidziwa kale. Pamenepo malamulo amathera, ndipo chotsala ndi chilungamo cha munthu mwini wake. Ngakhale ana omvera nthano amachidziwa chimenechi. Amadziwa bwino lomwe kuti Kalulu akunamiza Fisi, koma mwana amene wapatsidwa mbali ya Fisi pasewero la kusukulu amagwerabe mumsampha, chifukwa akapanda kutero sewero lafa.

Mwina wina angafunse kuti nanga munthu wamkulu, wogwira ntchito m'boma, akutayiranji nthawi ndi zidole. Yankho langa lili pa zomwe zidandichitikira patatha zaka ziwiri. Ndidaikidwa m'gulu la anthu atatu loyesa ofuna kukwezedwa paudindo. Sabata imodzi mayesowo asadachitike, ndili pamaliro, ndidamva anthu akunong'onezana kuti mmodzi mwa oyesedwawo adasowetsapo ndalama komwe ankagwira ntchito kale. M'faelo yake mudalibe chilichonse chotero. Mudalibe kalata yomudzudzula, ndipo malipoti a akuluakulu ake adali abwino. Tsiku la mayeso adayankha bwino kuposa anzake onse.

Nditagwira cholembera kuti ndimupatse malikisi, dzanja lidalemera. Kudali kosavuta kumuchotsera pang'ono pokha, ndipo palibe akadadziwa. Apo m'pomwe ndidakumbukira funso la patebulo lija. Wodziwa nkhaniyi ndani, ine wopita kumaliro kapena ofesala wokhala pampandowu? Ofesalayo adali ndi faelo ndi mayankho basi. Ndidamupatsa malikisi malinga ndi mayankho ake. Pambuyo pake ndidauza wapampando wathu poyera kuti ndidamva mphekesera, ndipo ndidapempha kuti ngati akuona kuti n'kofunika, alembere kalata komwe munthuyo adachokera, kuti nkhaniyo ilowe m'faelo mwa njira yake ndipo mwini wake apatsidwe mpata woyankhapo.

Sindinena kuti ofesala azitseka makutu. Ndikunena kuti zomwe munthu wamva kumaliro ziyenera kudzera pakhomo kuti zifike muofesi, osati pazenera. Mwana wa mlimi uja adapulumuka usiku umene uja chifukwa mnzathu wina, yemwe mtengambali wake adali mlenje wodziwa zilombo, adaponya dayisi yake n'kupambana, ndipo adafuula kuti tibweretse miyuni. Moto udayatsidwa ndithu, koma adauyitanitsa ndi amene adali woyenera kudziwa.