Waya Wobadwira Kutali ndi Mzinda

Ambiri amayesa kuti waya wa kanema ndi mwana wa mumzinda, chonsecho anabadwira kumene mzinda sunkafika. M'chaka cha 1948, ku Astoria m'dziko la America, Ed Parsons anaimika mlongoti pamwamba pa hotela kuti akole kanema wa ku Seattle, nayala waya kupita m'nyumba za anthu. Nayo kampani ya Comcast inayamba mu 1963 m'tauni yaing'ono ya Tupelo ku Mississippi.

Mawaya omwewo atayamba kunyamula intaneti m'zaka za m'ma 1990, masamu anasintha. Kumudzi nyumba n'zotalikirana, motero kilomita imodzi ya waya imabweza ndalama zochepa. Makampani anakhamukira kumene anthu ali ambiri.

Mwini waya anasandukanso mwini malamulo. Mu 2007 Associated Press inapeza kuti Comcast inkachedwetsa mwakabisira ogwiritsa ntchito BitTorrent. Mu 2008 bungwe la boma la FCC linaidzudzula, koma chaka chomwecho kampaniyi inaika malire a magigabaiti 250 pamwezi. Mu 2010 bwalo la apilo linagamula kuti FCC inalibe mphamvu zoilamulira motero.

Wamumzinda akakwiya angathe kusamukira ku kampani ina. Nanga wakumudzi, amene waya wake ndi umodzi wokha, kapenanso alibiretu, akadandaule kwa yani?