LIU LIMENE LINADZA NDI NKHONDO

Mwana wa sukulu ali yense amene anawerengako mbiri ya England anakomana ndi liu lakuti "conquer." Aphunzitsi amalimasulira kuti kugonjetsa, ndipo salakwa. Koma ndi owerengeka amene adziwa kuti liuli silinali la Angelezi eni ace iai. Analiphunzira kwa anthu amene anawathyola pankhondo ndi kuwalanda dziko.

M'caka ca 1066 mfumu Edward inamwalira osasiya mwana. Akuluakulu a dziko analonga Harold ufumu, koma William, mwini dziko la Normandy kutsidya kwa nyanja, anati ufumuwo analonjezedwa ndiye. Harold anali ndi adani awiri nthawi imodzi. Pa 25 September anapha Harald Hardrada, mfumu ya ku Norway, pa Stamford Bridge kumpoto kwa dziko, ndipo asanapumule n'komwe anamva kuti zombo za William zakoceza kumwera. Anathamangira komweko ndi ankhondo otopa, ndipo pa 14 October anafera pankhondo ya ku Hastings. Pa tsiku la Khrisimasi caka comweco William anabvekedwa cisoti caufumu ku Westminster. Ndiye uja acedwa William the Conqueror kufikira lero.

Kupambana kwa tsiku limodzi sikukadampatsa dzina limeneli. Cimene cinampatsa ndico cimene anacita pambuyo pace. Analanda minda ya mafumu a Angelezi naigawira anthu ace, namanga malinga amiyala kuti ogonjawo angadzukenso. M'caka ca 1086 anatumiza alembi kukawerenga minda, makasu a ng'ombe, ziweto ndi anthu, kuti adziwe msonkho womuyenera. Zolembazo ndizo Domesday Book, ndipo zionetsa kuti pofika caka cimeneco eni nthaka akuluakulu pafupifupi onse anali alendo.

Alendowa analankhula Cifalansa. Kwa zaka ngati 300 cimeneci ndico cinali cinenero ca kubwalo la mfumu ndi ca milandu, kufikira lamulo la 1362 linati milandu izikambidwa m'Cingelezi. Munthu wamba wofuna kudandaula kwa mbuye wace anayenera kutola mau a mbuyeyo. Motero "war," "army," "soldier," "battle," "enemy," ngakhale "peace" amene, onsewa analowa m'Cingelezi kucokera m'kamwa mwa olamula. Ogonjawo anatsala ndi mau ao akale onga "fight," "win" ndi "overcome." Nkhani yace njodabwitsa: kalelo "win" sanatanthauze kupambana, koma kubvutikira cinthu ndi kulimbana naco.

Komabe potsiriza zidzukulu za William zinasiya Cifalansa ndi kuyamba kulankhula cinenero ca anthu amene makolo ao anawagonjetsa. Ife a kuno sitingazizwe nazo. Angoni amene anaoloka Zambezi m'caka ca 1835 anagonjetsa mitundu yambiri, koma a Mpezeni anakwatira akazi Acinsenga, ana natsata malankhulidwe a amai ao, ndipo lero Cingoni cimveka makamaka m'nyimbo za ngoma ndi m'mau owerengeka onga nduna.

Tsono wophunzira acenjere, pakuti mau amene ife tingawamasulire ndi liu limodzi, Mngelezi amawasiyanitsa. "Invade" ndiko kulowa m'dziko la eni ndi nkhondo, kaya upambana kaya ulephera. Napoleon analowa m'Russia m'caka ca 1812 nafika mpaka ku Moscow, koma anabwerako ankhondo ace atatha ndi njala ndi cisanu. Wolemba kuti iye anacita "conquer" dzikolo walemba bodza. "Defeat" ndiko kuthyola mdani pa nkhondo imodzi, monga Harold anacitira Hardrada. "Conquer" ndiko kulanda dziko ndi kukhalamo ngati mwini.

Pa zobvuta za moyo, monga umphawi, cibwibwi kapena mayeso, liu lozolowereka ndi "overcome," lija la anthu ogonja. "Conquer" amalisungira zinthu zazikulu zimene zinakanika anthu nthawi yaitali. Analigwiritsa nchito pamene Edmund Hillary ndi Tenzing Norgay anafika pansonga pa phiri la Everest m'caka ca 1953, ngakhale kuti liuli lacita kukula pamenepa, popeza anthuwo anakhala pansongapo mphindi zocepa cabe natsika, phiri lili ciimire. Liyenera bwino pa nthenda ya nthomba, imene inapha ndi kucititsa khungu anthu osawerengeka, ndipo m'caka ca 1980 inalengezedwa kuti yatheratu pa dziko lonse lapansi.