NJIRA ZA M'CHIRE ZA KU CHIPARAMBA NDI MBIRI YACE

Munthu wa ku migodi kapena wa m'tauni akagula kagalimoto kokoka ndi mawilo onse anai, sacedwa kufunsa anzace kumene angapeze njira za m'chire zoti akayesepo mphamvu zace. Ambiri a kum'mawa amakumbuka kwao, nayamba kuchula Chiparamba, Msoro, Chipangali ndi cigwa ca Luangwa. Koma omvera adziwe kuti njira zimenezo sizinalambulidwe cifukwa ca galimoto. Iri yonse iri ndi amene anaiyamba, ndiponso cimene anaiyambira, ndipo wodziwa mbiri imeneyi ndiye amayenda bwino osasokera.

Chiparamba ndi dera la midzi ndi minda pafupi ndi mzinda wa Chipata, ndipo liri m'boma la Kasenengwa, limene linapatulidwa ku Chipata m'caka ca 2018. Dziko lace ndi la mapiri a miyala, madambo ndi timitsinje totsikira ku Luangwa. Mitsinje ya Lutembwe, Msandile ndi Lupande ndiyo inalamula kuyambira kale kumene munthu angapite ndi kumene sangapite. Njira yoyamba inali ya phazi, yopapatiza, yokhotakhota, yolambalala culu ndi citsa, yotsata mtunda pa dzinja ndi kudula dambo pa cilimwe. Amai popita ku citsime, alenje potsata nyama, ndi amalonda onyamula makasu, mcere ndi minyanga ya njobvu, ndiwo anaiponda mpaka inaoneka.

Apwitikizi a ku Tete anadziwa njira zimenezi cifukwa ca amalonda a Cibisa. M'caka ca 1798 Francisco de Lacerda ananyamuka ku Tete kupita kwa Kazembe, nadzera m'dziko la Amaravi, naoloka Luangwa, koma anamwalira caka comweco asanabwerere. Mu 1831 Monteiro ndi Gamitto anatsata njira yomweyo, ndipo Gamitto analemba zambiri za Acewa, za midzi yao ndi za mafumu ao monga Mkanda ndi Mwase. Alendo amenewa sanatsegule njira yatsopano ai. Anayenda pamene eni dziko anawalozera, napereka nsaru kwa mafumu kuti aloledwe kupita.

Angoni anaoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene dzuwa linada, ali ndi Zwangendaba. Patapita zaka zambiri za kuyendayenda, mwana wace Mpezeni anadzakhazikika m'mapiri a dziko lino ca m'ma 1870. Angoni anabwera ndi ng'ombe zambiri, ndipo ng'ombe zinakuza njira zopita ku madzi ndi ku busa. Panalinso njira za nkhondo, zimene magulu a anyamata a zishango anali kutsata popita kukathira nkhondo midzi ya Acewa ndi Ansenga. Masiku amenewo anthu ambiri anathawira m'malinga ndi pamwamba pa mapiri, ndipo tinjira tina tokwera m'miyala timene tioneka lero tinayamba ndi mantha.

Mzungu wa ku Germany dzina lace Carl Wiese anakhala kwa Mpezeni nagula minyanga, ndipo mapepala amene iye ananena kuti mfumu inabvomereza ndiwo anatsegulira khomo kampani ya North Charterland, imene inadzitengera dziko lalikuru poyembekeza kupezamo golidi. Golidi wambiri sanapezeke, koma nkhondo inapezeka. Mu January 1898 asilikari ocokera ku Nyasaland analowa ndi mfuti zazikuru, Angoni anagonja, ng'ombe zao zikwi zambiri zinalandidwa, ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondo, anaomberedwa mu February caka comweco. Mu 1899 Fort Jameson, ndiye Chipata wa lero, anasanduka likuru la North-Eastern Rhodesia, ndipo Robert Codrington anali kulamulira ali pomwepo.

Apa ndipo panayambira mseu wolambula ndi khasu. Boma latsopano linafuna katundu, ndipo katundu anali kudza pa madzi: ku Chinde, kukwera Zambezi mpaka ku Tete, kenaka pamutu pa amtengatenga mpaka ku Fort Jameson. Ngolo za ng'ombe zinayenda pamtunda, koma m'cigwa ca Luangwa munali kashembe, ncenche yopha ng'ombe, kotero kumeneko munthu ndiye anali ngolo. Bwana D.C. poyenda ulendo wa msonkho ananyamulidwa m'macila, pambuyo pace anayamba kukwera njinga, ndipo amesinjala anali kutsogola kukauza nyakwawa kuti anthu alambule njira asanafike. Mudzi uli wonse unali ndi cigawo cace, kuyambira malire a uko kufikira malire a uko. Nchito imeneyi inali yowawa ndipo kawirikawiri yopanda malipiro, koma njira zambiri zolumikiza midzi zinaongoka m'masiku amenewo.

Amishoni naonso anatsegula zao. A Dutch Reformed anamanga ku Magwero mu 1899 ndi ku Madzimoyo mu 1903, Azibambo Oyera anafika ku Kachebere mu 1903, ndipo wansembe Leonard Kamungu wa U.M.C.A. anayamba nchito ku Msoro. Pa mishoni iri yonse panaturuka njira ngati nthambi za mtengo, zopita ku masukulu a m'midzi kumene aphunzitsi anali kuyenda ndi phazi kapena pa njinga. Mseu wa ku Msoro, umene utsika kucokera ku Chipata kupyola pa Msekera, ngwotchuka kufikira lero kwa oyenda ndi magalimoto a m'chire.

Pambuyo pace kunadza fodya. Azungu anatsegula minda yaikuru mozungulira Fort Jameson, ndipo munda uli wonse unali ndi njira yace ya ngolo yopita ku zigafa ndi ku tauni. Eni dziko anasunthidwira m'malo opatulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, nathinana kumeneko mpaka nthaka inaguga. Mtengo wa fodya unagwa mu 1928, alimi ambiri a Cizungu anacoka, minda inamera chire, pamene anthu anali kusowa polima. Mu 1941 Boma linagula dziko la North Charterland, ndipo anthu anayamba kubwezedwa m'malo opanda anthu monga ku Chipangali. Munthu akaona lero njira yoongoka bwino pakati pa thengo, m'mbali mwace muli mitengo ya mabulugamu kapena citsa ca nyumba ya njerwa, adziwe kuti mwina waponda njira ya munda wa fodya wakale.

Inu a ku migodi mudziwa njira inanso, ya msonkho ndi ya ulendo wa nchito. Makolo anu anayenda masabata angapo ndi phazi kupita ku Salisbury, ku Wankie ndi ku Broken Hill, kumene njanji inafika mu 1906. Ena sanabwerere, nachedwa macona. Mseu waukuru wa kum'mawa, wolumikiza Fort Jameson ndi Lusaka, mtunda wa makilomita ngati 570, unatseguka kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo ulalo woyamba pa Luangwa unamangidwa mu 1932 ndi ndalama za Beit Trust. Malole ndi mabasi a Thatcher and Hobson anatenga anthu pa mseu umenewu, m'pfumbi pa cilimwe ndi m'matope pa dzinja. Ulalo waciwiri, wolendewera pa zingwe zacitsulo, unatsegulidwa mu 1968, dziko litalandira kale ufulu mu 1964.

Galimoto yokoka ndi mawilo onse inadza mocedwa pa zonsezi. Asilikari amene anapita ku nkhondo ya 1939 mpaka 1945 anaona Jeep ya Amereka, ndipo mu 1948 ku England anapanga Land Rover yoyamba, yaing'ono ndi yopepuka. Posacedwa inakhala galimoto ya Bwana D.C., ya alangizi a zaulimi, ya a cipatala ndi ya amishoni. Cinsinsi cace ncakuti injini itumiza mphamvu ku mawilo a kutsogolo ndi a kumbuyo pamodzi, ndipo iri ndi giya ina yoyenda pang'onopang'ono koma yokoka kolimba, yoti ikwere motsetsereka ndi kuturuka mumcenga. M'cigwa, Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu mu 1950 kuti apatule dziko losungira nyama kumene alendo angadze kudzaziona, ndipo njira za alonda a nyama zinacuruka. South Luangwa inakhala paki ya dziko lonse mu 1972. Mu 1970 a Suzuki a ku Japan anayamba kupanga kagalimoto kakang'ono ka mtundu umenewu, kamene zidzukulu zace zichedwa Jimny. Kucepa kwace ndiko ubwino wace kuno, pakuti kakwana pa njira ya ngolo ya ng'ombe imene galimoto yaikuru ingathyole nayo cimanga ca m'mbali.

Tsono wofuna njira za m'chire ku Chiparamba acite bwanji? Mbiri yomweyi imlangiza. Coyamba, ayang'ane nyengo. Kuyambira November kufikira April nthaka yakuda ya m'dambo imeza galimoto mpaka m'mimba, ndipo kamtsinje kouma m'mawa kangadzaze madzulo ndi mvula yogwa ku mapiri. Miyezi yabwino ndi ya June kufikira October. Caciwiri, atsate mapazi a ngolo. Kumene ngolo yodzaza thonje, mtedza kapena fodya yapita, kagalimoto kangapitenso, koma kumene kwapita njinga yokha ayambe watsika nayendapo ndi phazi. Cacitatu, ndipo ici ndico cacikuru, afunse. Lamya za masiku ano zionetsa mapu ojambulidwa kucokera kumwamba, koma mapu sanena kuti ulalo wa mitengo unapsa ndi lupsa, kapena kuti njira iyi ithera pa dimba la munthu. Oyendetsa ngolo, ogula mbeu ndi anyamata a njinga zonyamula anthu ndiwo adziwa zimenezi.

Pofika pa mudzi, mlendo aime, azime injini, napereke moni kwa anyakwawa monga anacitira apaulendo onse kuyambira masiku a Gamitto. Dziko la kumeneko liri m'manja mwa mafumu, la Angoni pansi pa Mpezeni ndi la Acewa pansi pa Kalonga Gawa Undi. Nkhalango yowirira yoima payokha pakati pa minda kawirikawiri ndi manda, ndipo m'midzi ya Acewa ingakhalenso malo a Nyau, kumene wosalowa saloledwa kufika. Woponda pamenepo ndi galimoto adziitanira mlandu. Akumbukenso kuti mawilo okumba m'matope asiya ngalande ziwiri, mvula nizikuza kukhala cigwembe, ndipo wodwala amene adzanyamulidwa pa ngolo usiku kupita ku cipatala ndiye adzalipira masewera a mlendo.

Woyenda ndi ulemu adzaona zambiri. Adzaona phanga la Thandwe, limene makoma ace ali ndi zojambula za anthu akale ndipo lisungidwa ndi Boma. Adzafika ku Mtenguleni, kumene Angoni acita mwambo wa Nc'wala kumapeto kwa February, mwambo umene unaleka pambuyo pa nkhondo ya 1898 nuukanso mu 1980. Adzatsika ndi njira ya Msoro kufikira mitengo ya tsanya ya m'cigwa, ngakhale mseu wa ku Mfuwe tsopano uli ndi phula. Ndipo akadzabwerera ku Nkana kapena ku Roan, asadzanene kuti anatulukira njira yatsopano, pakuti akuru a pa mudzi angathe kumuuza dzina la munthu amene anailambula ndi caka cimene anatero.